Useke Akuba, Usaseke Kolera

Mphwanga, iwe amene umagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu wa M1 pa Linthipe, kapena umadikira okwera pa kabaza, ndikufuna tikambirane za foni ili m'thumba mwakoyo. Masana msika ukazizira mumaunjikana anthu asanu pa foni imodzi. Wina watumiza katuni ya bwana wa mimba yaikulu atasenza thumba la ndalama, wina kavidiyo kotsanzira mayankhulidwe a mtsogoleri, wina voice note ya munthu wosadziwika amene akuti akuulula zimene boma likubisa. Mumaseka mpaka kugwira nthiti. Kusekako sindikukuletsa. Chikundidetsa nkhawa ndi chimene chimatsalira m'mutu mwako kuseka kukatha, chifukwa chotsaliracho ndicho chidzakulamulire usiku umene mwana wako adzayambe kutsegula m'mimba.

Nkhani yake si ya kale. Kumayambiriro kwa Marichi 2022, namondwe Ana atangogumula zimbudzi ndi kudetsa zitsime m'chigawo cha kumwera, ku Machinga kudapezeka wodwala kolera. Tidazolowera kuti kolera amabwera ndi dzinja, mvula ikatha naye amatha. Ulendo umenewo sadathe. Adadutsa chilimwe chonse, nakwera m'mbali mwa nyanja mpaka ku Nkhata Bay ndi Karonga, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2023 adali atalowa m'boma lililonse, Dedza yemwe. Pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti mliriwu ndi ngozi yogwera dziko lonse. Mu Januwale sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa. Mliri pozilala, anthu pafupifupi 59,000 adali atadwala ndipo oposa 1,700 tidawaika m'manda. Malawi sadaonepo kolera woopsa chotere.

Mkati mwa maliro onsewo, mu Febuluwale 2023, anthu a ku Balaka adaukira chipatala cha Nandumbo. Adaphwanya katundu ndi kulimbana ndi ogwira ntchito, ati anamwino ndiwo akufalitsa kolera kudzera m'majakisoni. Ku Area 25 mu Lilongwe nakonso anthu okwiya adaononga pamalo othandizira odwala kolera. Taganiza bwino: pa nthawi imene dera lawo linkafunitsitsa chipatala, eni dera adachiphwanya ndi manja awo. Kodi ukuyesa anthu amenewo adali amisala? Adali alimi, ageni ndi akabaza onga iwe. Adali ndi ana amene ankawakonda. Ambiri adapita kumeneko akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akupulumutsa abale awo.

Maganizo otere sagwera munthu tsiku limodzi. Kuti uone pamene adamera uyenera kubwerera ku 2020.

Matenda a Covid-19 adalengezedwa m'dziko muno pa 2 Epulo 2020, dziko lili pa moto wa ndale. Khoti lidali litafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 ndipo anthu ankadikira chisankho chobwereza. Boma la a Peter Mutharika litalamula m'bindikiro wa masiku 21, ageni adakwiya, ndipo adali ndi chifukwa: munthu wodya zimene wagulitsa tsiku lomwelo umamutsekera bwanji m'nyumba osamupatsa ufa? Khoti lalikulu lidaimitsa m'bindikirowo. Kuchokera pamenepo matenda adavala malaya a chipani. M'minibasi ndi pa bawo nthabwala idali yakuti korona ndi njira yozembera chisankho, ndi matenda a okwera ndege, kuno kwathu saluma. Misonkhano ya kampeni idadzaza, chisankho chidachitika pa 23 Juni, boma lidasintha. Koma kachilombo kalibe chipani. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri za boma latsopanolo, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi ndi matenda omwe tinkawaseka aja.

Kenaka padabwera nkhani ya K6.2 biliyoni. Ndalama zimenezi zidaperekedwa kuti zilimbane ndi Covid-19, koma kafukufuku wa boma lomwe adapeza kuti zambiri zidathera m'maalawansi, m'mafuta a galimoto ndi m'kugula katundu pa mitengo yosamveka. Anthu adamangidwa, ndipo mu Epulo 2021 Pulezidenti Chakwera adachotsa nduna ya zantchito, a Ken Kandodo, pa nkhani ya ndalama zomwezi. Makatuni adatuluka, anthabwala adapeza chakudya, ndipo ndikuuza poyera kuti adachita bwino. Wodya ndalama za odwala, pamene anthu akufa chifukwa chosowa mpweya wa oxygen m'zipatala, ayenera kusekedwa mpaka manyazi amugwire.

Pano ndipo ndikufuna uime, chifukwa apa ndi pamene phazi lidaterereka.

Nthabwala idanena kuti: adya ndalama za matenda. Zimenezo zidali zoona. Koma pochoka pakamwa pa uyu kupita kwa uyo, mawu adasintha pang'ono: amafuna matenda kuti adye ndalama. Asanathe masabata adasinthanso: matendawo ndi opeka, ndi bizinesi chabe. Pomaliza adafika poti: matendawo akuwabweretsa dala, ndipo owabweretsa ndi a yunifolomu yoyera aja. Werenganso ziganizo zinayizi. Choyamba chili ndi umboni, chili ndi malipoti, chili ndi maina a anthu amene adakaonekera kukhoti. Zitatu zotsatirazo zilibe kalikonse, zangokwera pamsana pa choyambacho. Koma popeza udaseka choyamba ndipo udadziwa kuti n'choona, zinazo zidalowa osagogoda. Ndani amafunsa umboni ali mkati moseka? Wofunsa umboni pa gulu loseka amaoneka wogona, kapena amatchedwa wa boma, ndiye aliyense amangokhala chete.

Taonanso amene adalandira mkwiyowo. Wodya alawansi adali mu ofesi ku Lilongwe, kutali ndi mwala uliwonse. Amene adali pafupi ndi namwino wa pachipatala chaching'ono, wogona m'tenti ya odwala kolera usiku wonse akusintha madiripi ndi kukolopa masanzi, ndi mlangizi wa zaumoyo woyenda pa njinga akugawa kulorini. Nthabwala idayamba ikuloza kumwamba, idathera pa munthu wa malipiro ochepa amene amapemphera nawe tchalitchi chimodzi. Kodi wakuba uja adamva kuwawa pamene mawindo a Nandumbo ankasweka?

Katemera naye adakumana ndi zomwezo. Woyamba adafika mu Marichi 2021, ndipo mphekesera zidali zitafika kale: ati amaletsa kubereka, ati ndi chizindikiro cha 666, ati wobayitsa satha zaka ziwiri. Pa 19 Meyi 2021, ku chipatala cha Kamuzu Central, boma lidatentha katemera 19,610 wa AstraZeneca amene adatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. Chilungamo chake n'chakuti katemera ameneyu adafika atatsala ndi masabata osakwana atatu, choncho si mphekesera zokha zimene zidamuonongetsa. Koma mizere ya obayitsa ikadakhala yaitali, wopita ku moto akadachepa. Zaka ziwiri zija zidakwana, obayitsa tikadali nawo, ndipo palibe mwini voice note ndi mmodzi yemwe amene adabwera kudzapepesa. Kolera pofika adapeza anthu ataphunzira kale kuopa jakisoni kuposa matenda.

Pali chinthu chimodzi chimene chidapatsa bodzali mphamvu, ndipo ndikufuna uchimvetse chifukwa chidzakuyesa nawenso. Anthu ankati: tamutengera kuchipatala akuyankhula, angomuika diripi, wamwalira. Zimene adaonazo adaonadi. Cholakwika ndi tanthauzo limene adazipatsa. Kolera ndi tizilombo tolowa m'thupi kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Tikafika m'matumbo timachititsa thupi kutaya madzi ndi mchere mothamanga kwambiri, chimbudzi chimatuluka choyera ngati madzi otsukira mpunga, ndipo munthu wamphamvu amene m'mawa adali kudimba angathe kufa dzuwa lisanalowe. Tsono banja loopa chipatala limatani? Limayamba ladikira. Limayesa mankhwala a pagolosale, limayesa mizu, limaitana opemphera. Maso akalowa m'kati, khungu likamati ukalitsina osabwerera, mkodzo utasiya, m'pamene limafuna njinga. Wodwala amafika impso zitatopa, mitsempha itafota moti namwino amavutika kupeza pobaya. Akamwalira, onse amakumbukira diripi ya mphindi makumi atatu, amaiwala maola khumi amene adatayika kunyumba. Maliro amenewo amasanduka umboni watsopano wa mphekesera, banja lotsatira limachedwa koposa, nalonso limaika maliro.

Akatswiri a zaumoyo amati kolera akathandizidwa msanga, pa odwala 100 womwalira sakwana ndi mmodzi yemwe. Kuno pa mliri uja ankamwalira pafupifupi atatu. Zifukwa zake zidalipo zingapo, ndipo sindibisa kuti zina ndi mitunda yaitali, kuchepa kwa anamwino ndi kusowa kwa zipangizo. Zimenezo tiyenera kuzifunsa kwa aphungu ndi makhansala mosaopa. Koma kufika mochedwa kudali chifukwa chachikulu, ndipo chimenecho chidali m'manja mwathu.

Nkhani ya maliro idawawa koposa. Kwathu kuno kusambitsa thupi, kuligoneka m'nyumba ndi kuchezera usiku ndi ulemu womaliza, ndipo kulandidwa zimenezi kumapweteka mtima. Koma thupi la womwalira ndi kolera limakhala likadali ndi tizilombo tochuluka, ndipo manja osambitsa thupi ndi omwewo amene amakaphika nsima ya pamaliro. N'chifukwa chake azaumoyo amalithira kulorini, amalikulunga m'pulasitiki ndi kufulumizitsa kuika. Pamene sadafotokoze bwino kwa ofedwa adalakwitsa, ndipo mpata umenewo mphekesera idalowapo n'kumati akubisa ziwalo zimene achotsa. Iwe ukadakhala mwini maliro, utamva voice note yotero dzulo lake, ukadatani? Usafulumire kuyankha kuti sukadakhulupirira.

Tidaziona kale mu 2017. Mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo ife a kutali tinkaziseka ngati nkhani za anthu osaphunzira. Pofika Okutobala anthu osachepera asanu ndi anayi adali ataphedwa ndi magulu a anthu, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma awiriwo, ndipo moto udalowa mu mzinda wa Blantyre momwe, mwa anthu a sukulu ndi mafoni. Mu 2020 mphekesera zomwezo zidatulukiranso kumpoto ndi m'maboma ena a chigawo chapakati. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mwina ukuti, nanga tisiye kuseka atsogoleri? Ayi. Kuseka olakwa ndi mwambo wathu wakale. Kuno ku Dedza gule akatuluka kudambwe, zilombo zina zimabwera kudzanyoza khalidwe loipa, la ulesi, la chiwerewere, la kudzikuza, ndipo ngakhale mlendo wamphamvu sizimusiya. Koma zimenezi zimachitika pabwalo, ng'oma zikulira, akuluakulu ali pomwepo, ndipo aliyense amadziwa chimene akuonera. Izeki ndi Jakobo adatiseketsa zaka zambiri akutiuza zoona zowawa, ndipo maina awo enieni, John Nyanga ndi Eric Mabedi, dziko lonse linkawadziwa. A Michael Usi, Manganya wa mu Tikuferanji, adagwiritsa ntchito nthabwala pophunzitsa za Edzi, ndipo nkhope yomweyo idadzakhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2024. Anthu amenewa akanama tinkadziwa kokawapeza. Nanga mwini voice note ija ndani? Amakhala kuti? Akakunamiza mwana wako n'kufa, udzakamudandaulira pa khomo liti?

Chizindikiro choyamba cha uthenga woopsa n'chimenecho: ulibe mwini. Umayamba ndi "mlamu wa mnzanga amagwira ntchito ku Central", kapena "dokotala wina waulula", koma dzina lake, tsiku ndi malo sizitchulidwa. Kawirikawiri umakuthamangitsa, umati tumizani msanga asanafufute, chifukwa wouyambitsa akudziwa kuti ukagona nawo usiku umodzi udzauona mabowo. Umakukometsanso. Umakuuza kuti ena onse ndi nkhosa, iwe wekha ndi anzako a pa gulupu ndinu openya. Chenjera kwambiri ndi uthenga umene umakupangitsa kudzimva wochenjera popanda chimene waphunzira.

Yang'ananso kumene chala chikuloza. Katuni yonyoza nduna yodya ndalama ikukutuma kukafunsa za ndalama. Koma ukaona nthabwala yatsika, yayamba kunena za namwino wa pachipatala chanu, za mlangizi amene amathira mankhwala pa mjigo, za galimoto yoyera imene idaima pa sukulu dzana, dziwa kuti pamenepo palibenso choseketsa, munthu wina akuikidwa chizindikiro. Ndipo ukamva matenda akukambidwa ndi mtundu wa nsalu ya chipani, uyu akuti alipo chifukwa chipani chake chikulamula, uyo akuti kulibe chifukwa chake chili kunja, tuluka m'mkanganowo. Funso lakuti m'chitsime muli tizilombo kapena ayi siliyankhidwa ndi voti.

Zizindikiro zoopsa koposa zili mwa iwe mwini, ndipo zimabwera mwakachetechete. Mlangizi adakupatsa kulorini, botolo likadali pawindo losatsegula, ukuti amanunkha, koma pansi pa mtima pali kena kamene udamva. Katemera atabwera pa sukulu udauza mwana kuti lero asapite, ukuti ungoona kaye anzake. Mayi ako atadwala udati tiyambe taona mawa. Ukafunsidwa umati zija ndimangoseka, sindizikhulupirira. Ngati suzikhulupirira, bwanji botolo lija silidatsegulidwe? Munthu sadzuka m'mawa n'kunena kuti lero ndayamba kukhulupirira bodza. Amangoona kuti mapazi ake alemera pa njira ya kuchipatala.

Usadzinamizenso kuti wongotumiza alibe mlandu. Mu Meyi 2024 khoti ku Dowa lidalamula bambo wina wa ku Mponela kulipira K200,000 kapena kukakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa choika pa gulupu ya WhatsApp kavidiyo konyoza Pulezidenti Chakwera, ndipo omuneneza adali a pa gulupu pomwepo. Ine sindigwirizana ndi kumanga munthu chifukwa choseka mtsogoleri, mtsogoleri ayenera kupirira kusekedwa. Koma nkhaniyi ikuonetsa kuti chala chako chikadina, uthengawo wasanduka wako. Azakhali ako kumudzi sadziwa amene adaujambula. Amadziwa kuti wachokera kwa iwe, mwana wawo wodziwa za mafoni, ndipo amaukhulupirira chifukwa cha dzina lako.

Pa Linthipe sitili pobisika. Mabasi ochokera ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku malire a Mozambique amaima pano tsiku lililonse, anthu amatsika, amadya, amafuna pothandizikira. Mvula ikagwa, zonse za kutchire zimatsikira mumtsinje, momwe timachapa, timathirira madimba ndi kutsukira ndiwo zokagulitsa, ndipo mtsinje wa Linthipe umanyamula zimenezo mpaka kwa anzathu a ku Salima. Ambiri otenga tizilombo ta kolera sadwala n'komwe, amayenda bwinobwino akutisiya m'chimbudzi chawo. Choncho mawu akuti kuno sitinaonepo wodwala sakutchinjiriza.

Tsiku limene wina m'nyumba mwako adzayambe kutsegula m'mimba mwa madzi okhaokha, usadzatsegule foni kufunsa a pa gulupu. Sungunula paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kulorini. Ngati paketi palibe, thira masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita yomweyo. Mumwetse pang'onopang'ono osalekeza, ngakhale akusanza, ndipo ngati ndi khanda lipitirize kuyamwa. Uku akumwa, wina akhale akufuna kale njinga, ndipo madziwo apite nawo pa ulendo. Usadikire kuti kuche. Mukafika, namwino akatulutsa diripi, mugwire dzanja wodwalayo kuti mtsempha upezeke msanga.

Ndipo voice note yotsatira ikafika pa gulupu yanu, anzako ali mkati moseka, lemba funso limodzi: wanena zimenezi ndani, ndipo adaziona kuti? Adzakutcha wa boma, mwina ena adzakunyoza tsiku lonse. Lifunse ndithu, chifukwa pa gulupu pomwepo pali mayi wina amene sayankhapo kanthu, amangowerenga, ndipo mwana wake wayamba kudwala dzulo.